Mutu 6: Manong'onong'o a Kumbuyo kwa Khutu

1. Makutu obwereka

Sukulu yonse inali ndi timaikolofoni tiwiri tokha tovala m'makutu, ndipo aphunzitsi a Mawaya ankatisunga m'kabokosi ka magalasi, kabokosiko n'kukatsekeranso m'kabati. Dzina la Mawayali anawapatsa ndi ana a sukulu, chifukwa m'thumba mwawo simunkasowa waya wolendewera.

Timaikolofonito tinali tating'ono ngati mabatani a shati. Wojambula ankavala kamodzi kukhutu lamanja, kena kulamanzere. Ndiye munthu akamvera mawuwo pa mahedifoni, ankakhala ngati waima pomwe panali wojambulayo. Galu wouwa kumbuyo ankamvekadi kumbuyo. Njinga yodutsa kumanja inkadutsadi kumanja, mpaka womvera kudzambatuka pampando kuopa kugundidwa.

Ophunzira asanu ndi atatu a kalabu ya zojambula mawu anauzidwa kuti aliyense ajambule malo amene amawadziwa bwino. Aliyense anapatsidwa masana amodzi okha. Lachisanu linali tsiku loti makolo adzamvere, ndipo kunkabweranso mlendo wochokera ku wailesi. Wophunzira amene ntchito yake idzamugwire mtima mlendoyo ndiye ankapita kukaphunzira ku situdiyo tchuthi chonse.

Mtsikana amene anzake ankamutcha Namakutu ankawafuna malo amenewo mpaka kusowa nawo tulo. Dzinalo analitenga ali wamng'ono, poti ankadziwa amene akubwera pongomva mapazi. Mayi ake, eni shopu ya utelala, analibe nazo ntchito zimenezo. Anali atanena kale kuti zamawuzo ndi masewera, ndipo tchuthi chino mwana akhala pa makina osokera.

Lolemba inali nthawi yake. A Mawaya anagwira kabokosi kaja osakasiya msanga.

"Tamvera, Namakutu," anatero. "Ukativala timeneti, mutu wako si wakonso, wasanduka mutu wa aliyense amene adzamvere. Ukatembenuka, chipinda chonse chitembenuka nawe, womvera achita chizungulire. Usameze malovu mokweza, usakande m'mutu, usayankhe munthu. Ukhale ngati chitsa. Koma chachikulu n'chimene ndikuuze tsopano. Tinthuti timaoneka ngati tomvera nyimbo. Anthu akakuona amati mwanayu sakumva, ali ndi nyimbo zake, ndiye amamasula pakamwa. Usanayatse, uwauze onse kuti ukujambula. Osangofuula kamodzi uli pakhomo, ayi. Aliyense umuyang'ane m'maso, avomere yekha. Mawu a munthu ndi ake. Sutenga malaya a mnzako pachingwe chifukwa choti wawapeza panja."

"Ndamva, aphunzitsi," anayankha Namakutu.

Kumva anamvadi, koma phazi limodzi linali kale panja pa chitseko.

2. Mvula pa malata

M'shopu ya mayi ake munthu ankaitanidwa ndi chimene amasoka. Kutsogolo kunali anyamata awiri a mayunifolomu. Pakona pankakhala a Madiresi, mayi wachete amene mapini sankachoka pamilomo pake. Ndipo kumbuyo, patebulo lalitali lodulirapo nsalu, panali a Masuti, bambo wachikulire amene anayamba ntchito m'shopumo Namakutu asanabadwe.

Mwezi wathawo m'shopumo munagwa tsoka. Suti ya mkwati inadulidwa mokhota, dzanja lina n'kukhala lalifupi, ndipo mkwatiyo anatukwana mpaka odutsa mumsewu kuima. A Masuti anati nsalu ndiyo inaterereka. Mayi a Namakutu anawasonkhanitsa onse n'kulankhula kamodzi kokha: aliyense amene adzawonongenso nsalu ya kasitomala, kapena kubisa cholakwa cha mnzake, atenge sizasi yake azipita. Ndipo mayiwo sankadziwika ndi kubweza mawu.

Masana a Lolembalo mayi ake anali atapita kukagula zipi ndi ulusi. A Masuti ndi a Madiresi anali kuseri, kositira zovala. Namakutu anauza anyamata a mayunifolomu kuti akujambula, iwo anaseka n'kumufunsa ngati atchuke nazo. Anaganiza kuti akuseri aja awauza akalowa. Anaika kampando pakati pa shopu, nakhala moyang'ana kukhomo, msana ataulozetsa kutebulo lodulira. Anavala timaikolofoni n'kuyatsa.

Makina awiri ankalira kutsogolo, wina kumanja, wina kumanzere. Ngolo inadutsa mumsewu ikulira mateyala. Kenaka padenga panamveka dontho limodzi, lachiwiri, lachitatu, ndipo mvula inakhuthuka pa malata pamwamba penipeni pa mutu wake. Thupi lonse la Namakutu linachita tsembwe ndi chimwemwe. Mvula sungaiitanitse, ndipo anzake onse a m'kalabu analibe.

Nthawi yomweyo chitseko chakuseri chinalira. Mapazi awiri analowa n'kuima patebulo, kumbuyo kwake, chakumanzere.

"Mzere uli pati? Sindikuuona," ananong'ona a Masuti.

"Bweretsani dzanja," anayankha a Madiresi. "Apa. Ndapakanso choko kawiri. Muzitsata chala changa."

"Diso lakumanzereli latha. Lakumanjali ndi utsi wokhawokha."

"Tsitsani mawu, mwana wa abwana ali apo."

"Ameneyo ali ndi nyimbo zake m'makutu. Simukuona wangouma?"

"Abwana akadziwa kuti suti ija inapita chifukwa cha maso anu, n'kudziwanso kuti mizere ndimakulemberani ndine, tonse awiri tiona msana wa njira."

"Ndikudziwa, mayi. Gwirani nsaluyo."

Namakutu akanatha kutembenuka n'kunena kuti pepani, ndikujambula. Akanatha kuzimitsa, poti batani linali pansi pa chala chake. Koma mvula inali pakati, ndipo sizasi yaikulu ya a Masuti inali itayamba kudya nsalu, kwee, kwee, kwee, kuyenda pang'onopang'ono kuchokera kuseri kwa khutu lamanzere mpaka kukafika kulamanja. Chibadwire anali asanamvepo phokoso lokoma chotero.

Anakhala ngati chitsa, monga anamuuzira aphunzitsi. Lamulo limeneli lokha ndilo analisunga bwino.

3. Mchere m'madzi

Lachiwiri, m'chipinda cha makompyuta, a Mawaya anavala mahedifoni n'kutseka maso. Namakutu anaima pambali akuluma chala.

Mvula itayamba, aphunzitsiwo anayang'ana kudenga n'kumwetulira. Patapita kanthawi kumwetulira kuja kunazima. Mutu wawo unapendekera kumanzere. Anamvera mpaka sizasi itamaliza, kenaka anavula mahedifoni n'kuwaika patebulo mofatsa.

"Anthu awiriwa anadziwa kuti ukujambula?"

"Anali kuseri pamene ndinkanena."

"Sindinafunse kumene anali."

Namakutu anayang'ana pansi. "Sanadziwe."

"Ndiye pachoke pamenepa. Kuyambira pamene chitseko chikulira mpaka pamene sizasi ikuthera."

"Aphunzitsi, mvula ili pomwepo! Sizasi ili pomwepo! Mukachotsa zimenezo patsala makina okhaokha. Sitingachotse mawu awo okha?"

"Ukathira mchere m'madzi, ungautolenso ndi zala?" anafunsa a Mawaya. "Timaikolofoni timeneti timatenga chipinda chonse nthawi imodzi. Mvula, sizasi ndi mawu a mkuluyu zili pamodzi, sizilekana. Ndikukuuza zoona, mwana iwe, m'zaka zonse zimene ndaphunzitsa kalabu ino sindinamvepo mphindi yokoma ngati imeneyi. Ndiye n'chifukwa chake ndikuopa. Chinthu chokoma chimamuuza munthu kuti palibe vuto, ndani adziwe. Koma Lachisanu pampando uwu padzakhala mayi ako. Sadzamva ngati nkhani yowauza munthu wina, imene angathe kuikayikira. Adzamva ngati aima m'shopu mwawo momwe, anthu awo akunong'ona kumbuyo kwawo. Iwe udzaomberedwa m'manja, mkuluyu adzanyamula sizasi yake. Ntchito yathuyi ndi yomvera anthu, si yowatchera misampha."

"Ndibwerekeni timaikolofoni ndikajambulenso."

"Lero ali nato mnzako wa kusiteshoni ya mabasi, mawa wina, mkuja wina. Ndimulande ndani? Ndipo mvula ukaigula kuti?"

Misozi inalengeza m'maso mwa Namakutu, koma inali misozi yolirira mvula yake, osati a Masuti.

"Upite kaye ukawauze eni mawuwa zimene wachita," anapitiriza aphunzitsi. "Ukabwerako udule. Sindidula ndine, ntchito ndi yako. Ndikukhulupirira."

4. Kositira zovala

Lachitatu ataweruka, Namakutu anawapeza a Masuti kuseri kwa shopu, akusita jekete. Ankayendetsa dzanja lamanzere patsogolo pa simbi, kupapasa msoko, simbi n'kumatsata pambuyo. Namakutu anali atawaona akuchita zimenezi kambirimbiri, osadziwa chifukwa chake.

"Agogo, ndabwera ndi mlandu," anayamba motero Namakutu.

"Mlandu wa mwana wa abwana ndiuweruze ine?" anaseka a Masuti. "Nena."

Anawauza zonse. Kuti zam'makutu zija sizinali nyimbo. Kuti mawu awo ndi a Madiresi ali m'kompyuta ya kusukulu. Kuti Lachisanu makolo adzamvera.

A Masuti anaimika simbi. Anapapasa kumbuyo kufuna mpando, n'kukhala pansi mwapang'onopang'ono.

"Amayi ako amva?"

"Ayi."

"Bwera pafupi, ndikuone ndi diso latsalali." Namakutu anasendera. "Mwana wanga, ine ndinakunyamula uli wakhanda, amayi ako akuyeza makasitomala. Yunifolomu yako yoyamba ndinadula ndine. Sindikunena izi kuti undimvere chisoni, ndikufuna udziwe amene wamujambula. Matendawa ndi ng'ala. Kuchipatala anandiyeza, dzina langa lili pamndandanda, opaleshoni ndi mwezi wamawa pa khumi ndi chisanu. Adokotala akuti akachotsa ndidzaonanso bowo la singano. Ndikungopempha milungu isanu basi. Ndikanawauza amayi ako poyamba pomwe, mwina akanandimvetsa. Koma ndinachita mantha, ndinanamizira nsalu, ndipo bodza likakhalitsa limamera mizu. Cholakwa chimenecho ndi changa, ndidzachinena ndekha ndi pakamwa panga, maso ali bwino, nditaima ngati munthu. Koma akamva kwa makina, anthu ali gulu, sadzamva za ng'ala. Adzamva zoti awiri anapangana kuwapusitsa m'shopu mwawo. Ine ndakalamba, ndikachotsedwa palibenso amene angandilembe. Nanga mayi uja wa madiresi, wa ana atatu, walakwanji? Kugwira dzanja la munthu wosaona?"

Namakutu anagwetsa misozi, ulendo uno yeniyeni.

"Ndichotsa, agogo. Ndikulonjeza."

"Usalonjeze msanga. Chikupweteka, eti? Ndamva mmene wanenera za mvulayo."

"Chikupweteka. Ndi pokoma pokhapo."

"Ndikudziwa. Inenso ndadulapo nsalu yokongola n'kutaya mbali yokoma chifukwa inali ndi kabowo. Umamva kuwawa tsiku limodzi, koma kasitomala sabwerera." Anaimirira n'kugwiranso simbi. "A Madiresi usawauze, angadwale nazo mtima. Pita, mwana wanga. Ndagona pa mawu ako."

5. Nzeru za yekha

Lachinayi Namakutu anakhala pa kompyuta n'kusankha chigawo chonse chija, kuyambira chitseko mpaka sizasi. Anadula. Anamvera zotsalazo: makina, ngolo, makina, makina. Mphindi zinayi za makina okhaokha. Pambali pake mnyamata wa kusiteshoni ya mabasi ankaseka yekha, akumvera makondakitala ake akukanganirana pasenjala.

Namakutu anabwezeretsa chigawo chija.

Apa m'pamene inamufikira nzeru, ya mtundu uja umene umabwera munthu akafuna zonse ziwiri. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anakopa phokoso la makina a kutsogolo n'kulisanjika pamwamba pa manong'onong'o aja, n'kulikweza. Anati mawuwo akwiririka, mvula ndi sizasi zitsala.

Anafuna mahedifoni kuti ayesere, koma a Mawaya anali atawasonkhanitsa onse kupita nawo kuholo, kumene ankakonza matebulo a mawa. Mnyamata wa mabasi anali ndi ake a kunyumba, ndipo anakana kubwereketsa. Namakutu sanafunenso kuti wina amve. Anatsitsa mutu pafupi ndi kasipika ka kompyuta n'kuyatsa.

Mvula inamveka. Sizasi inamveka patalipatali. Mawu a anthu, zii. Anabwereza katatu, khutu ataligunditsa pa sipika, ndipo katatu konse sanamve liwu ngakhale limodzi. Anapuma mpweya waukulu.

Chimene anaiwala n'chimene anaphunzira sabata yoyamba yeniyeni. Kasipika kamodzi kamaunjika mawu onse pamalo amodzi, lalikulu n'kupondereza laling'ono. Mahedifoni amabwezera liwu lililonse pamalo pake. Makina ake owonjezera aja anali kutsogolo. A Masuti anali kumbuyo, chakumanzere, ndipo kumeneko kunalibe chowaphimba.

A Mawaya anasuzumira pakhomo, mawaya ali m'khosi, thukuta lili kamukamu.

"Namakutu, zija wakonza?"

"Ndakonza, aphunzitsi."

"Wawauza eni ake?"

"Ndawauza."

"Wachita bwino. Ika pa kompyuta ya nambala folo." Ndipo anathamangira kuholo.

6. Tebulo la nambala folo

Lachisanu masana holo inadzaza. Matebulo asanu ndi atatu anandandalikidwa m'mbali mwa khoma, lililonse ndi kompyuta, mpando ndi mahedifoni. Makolo ankakhala pampando mosinthana, ena akukuwa basi ikawadutsa m'makutu, ena akuseka n'kugwira anzawo paphewa.

Mlendo wa ku wailesi anali mayi wamfupi wa magalasi, wonyamula kabuku. Sankamwetulira. Patebulo lililonse ankamvera, kulemba mizere iwiri, n'kupita. Atafika pa nambala folo anakhala pansi, navala mahedifoni yekha osadikira kuthandizidwa.

Namakutu anayatsa. Pa kompyuta kamzere kanayamba kuyenda, kusonyeza pamene mawu afika. Mphindi yoyamba inatha. Mvula inayamba. Kamzere kanafika pa chitseko.

Mlendoyo anatembenuka mwadzidzidzi kuyang'ana kumbuyo, chakumanzere. Kunalibe munthu. Anabwerera, nagwira mahedifoni ndi manja onse awiri, ndipo cholembera chinagwa pansi osachitola.

Namakutu anayang'anitsitsa kamzere kaja.

Zitatha, mayiyo anavula mahedifoni n'kumuyang'ana Namakutu nthawi yaitali.

"Mkulu wosaonayo ndi mayi womugwira dzanjayo, unawalembera mawu ndiwe, kapena anapeka okha?"



"Mwawamva?" anafunsa Namakutu motsitsa.

"Liwu lililonse. Makina ali kutsogolo, iwo ali apa," anatero mlendoyo akuloza kuseri kwa khutu lake. "Ndinamva ngati ndikubisala nawo limodzi. Anzako ajambula phokoso, iwe wajambula anthu. Ndikufuna ndionane ndi kholo lako."

"Kholo lake ndine."

Mayi a Namakutu anali ataima kumbuyo kwawo, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Anali atathawa ntchito kwa kanthawi, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti sanabwere kudzakhalitsa.

"Mayi, mwana wanuyu ali ndi khutu," anatero mlendoyo akuimirira. "Khalani pansi mumve nokha. Shopu yake ndi yanu?"

"Ndi yanga." Mayiwo anayang'ana mwana wawo, ndipo kwa nthawi yoyamba pankhani ya zamawuyi, m'maso mwawo munali kunyadira. "Tiye, tionetse masewera akowo."

Anakhala pampando. Mlendo anawaveka mahedifoni.

Waya wa mahedifoniwo unkadutsa pafupi ndi dzanja la Namakutu. Kuukoka pang'ono chabe, zonse zikanathera pomwepo. Akanatha kunena kuti amayi, musamvere, muli mawu a anthu amene sanavomere. Mlendo akanatseka kabuku kake, situdiyo n'kupita kwa mnyamata wa mabasi. Kumapeto kwa holo a Mawaya ankalimbana ndi kompyuta ina imene inazima, ndipo sankayang'ana kuno.

"Yatsa, mwana," anatero mlendo. "Usachite manyazi."

Namakutu anayatsa.

Mayi ake anamwetulira atamva makina awo. Analoza kumanja n'kunena mokweza, monga amachitira munthu wovala mahedifoni, kuti ameneyo ndi makina ofuna mafuta aja. Anthu apafupi anaseka. Mvula itagwa anayang'ana kudenga n'kugwedeza mutu modabwa.

Kamzere kanafika pa chitseko. Namakutu ankawerenga mumtima mawu amene ankawadziwa kale. Mzere uli pati. Bweretsani dzanja.

Mayi ake sanatembenuke ngati mlendo uja. Mawuwo ankawadziwa eni ake, sanafunike kuyang'ana. Anangouma. Dzanja lawo linakwera pang'onopang'ono n'kugwira nsonga ya tepi ya m'khosi, n'kuikulunga pachala mpaka chala kuyera.

Sizasi inadutsa. Makina anabwerera. Zinatha.

"Bwezera," anatero mayiwo osavula mahedifoni. "Pamene pakuyambira mvula."

"Amayi..."

"Bwezera."

Anabwezera. Mlendo anamwetulira, akuganiza kuti mayiwo akomedwa. Ulendo wachiwiriwu a Mawaya anali atafika patebulopo. Anayang'ana pa kompyuta n'kuona kuti chigawo chija chilipo chonse, sichinadulidwe. Anangomuyang'ana Namakutu, ndipo mtsikanayo analakalaka akanamukalipira.

Mayi ake anavula mahedifoni n'kuwapereka kwa mlendo ndi manja awiri, mwaulemu.

"Ndiye mwamva," anatero mlendoyo. "Ine ndasankha kale. Tchuthi chino mutibwereke mwanayu."

"Zikomo, tikambirana," anayankha mayiwo. Mawu awo anali ofatsa kwambiri, ndipo Namakutu ankadziwa kuti mayi ake akakwiya pang'ono amakuwa, koma akakwiya zenizeni amafatsa. "Aphunzitsi, nthawi ili bwanji?"

"Yangopitirira kumene folo," anayankha a Mawaya.

"Ndiye kushopu sanatseke." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe unadziwa liti zimenezi?"

"Lolemba."

"Lolemba. Ndipo wadya nane mbale imodzi masiku anayi." Anaimirira n'kukonza tepi m'khosi. "Tenga chikwama chako."

"Amayi, ndi ng'ala. Ali ndi tsiku la opaleshoni, ananena kuti adzakuuzani okha. Ndinawalonjeza kuti..."

"Unawalonjeza chiyani?"

Anthu a patebulo loyandikana anali atasiya kuseka.

"Ukanenera komweko, pamaso pawo," anatero mayi ake. "Wawajambula ndiwe, ndiye ukakhalepo ndikamawafunsa."

Anatuluka m'holo osatembenuka. Namakutu anatola chikwama n'kuwatsatira. Kumbuyo kwake mlendo wa ku wailesi ankafunsa a Mawaya dzina lenileni la mtsikanayo kuti alilembe m'kabuku. Kuchokera pasukulu kukafika ku shopu unali ulendo wa mphindi khumi zokha, ndipo mayi ake ankayenda mofulumira.